Nambala ya Munthu Woledzera

Esteri anatseka ofesi mdima utagwira kale, mkwiyo utamufika pakhosi. Kunali kutha kwa mwezi, ndipo pachipatala chaching'ono chimene ankagwirapo ntchito ku Redcliff, mwezi ukamatha ankathera nawo limodzi. Mafayilo onse a odwala amene anatuluka ankayenera kulowa m'kompyuta lipoti lisanapite kwa akuluakulu, ndipo wolowetsa wake analipo iye yekha. Magetsi anathima masana onse. Atayaka, intaneti nayo inayamba matama. Pamene ankamaliza, anamwino a masana anali atafika kale kwawo, atasamba, ena mwina atayamba kulota.

Ntchito yakeyi anthu sankaimvetsa. Ku Torwood kumene ankakhala, ena ankamutcha nesi, ena dokotala, n'kumamuonetsa zotupa zawo pamsewu ngati iye ali ndi jakisoni m'thumba. Chonsecho Esteri sanagwirepo wodwala. Iye ankangowerenga zimene dokotala walemba n'kusandutsa matendawo nambala, chifukwa m'kompyuta matenda aliwonse ali ndi nambala yake. Lamulo la ntchitoyo anamuuza tsiku loyamba: ulembe zimene dokotala walemba, osati zimene iwe ukuganiza. Ukakayika, ufunse. Akapanda kukuyankha, ulembe zomwezo.

Odwala shuga ndiwo ankamuzunguza mutu. Munthu wa shuga akagwa, pamafunika kudziwa chamugwetsa. Ngati anamwa mapiritsi ake molongosoka monga anamuuzira, koma mapiritsiwo n'kutsitsa shuga m'thupi mopitirira, nambala yake ndi Y42.3, ndipo pachipatala pawo nambala imeneyi ikalowa, kompyuta inkachenjeza aliyense wotsegula fayiloyo kuti mankhwalawo awaonenso asanamupatse ena. Ngati anamwa ambiri, kaya mwangozi kaya mwadala, nambala ndi ina. Koma madokotala aganyu obwera Loweruka analibe nazo nthawi zimenezo. Ankangokanda mawu atatu papepala, zilembo zake ngati papalasa nkhuku, n'kukwera galimoto kubwerera ku Gweru.

Fayilo yomaliza usiku umenewo inali ya a Sandifolo, bambo ake omubala.

Anali ataikankhira pansi pa mulu sabata yonse. Loweruka lapitalo a Sandifolo anapita kukakumba manda a mnzawo wa kumpingo. Amuna a bungwe lawo la maliro, ana a anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kufakitale ya zitsulo, anali ndi chizolowezi chawochawo. Ankalawirira kumanda kusanache, m'mimba mulibe kanthu, ndipo sankalawa chilichonse mpaka dzenje litatha. Ankati kuyamba wadya n'kupeputsa womwalirayo. Dzuwa litakwera, a Sandifolo anayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, mpaka kutukwana mkulu wa mpingo amene anawagwira mkono. Kenako anagwa. Anafika nawo kuchipatala malaya akununkha masese. Timapepala toyezera shuga tinali titatha, monga mwa masiku onse. Dokotala waganyu anawanunkhiza, n'kuwaika diripi. Atadzuka, dokotalayo analemba kuti kuledzera, apite kunyumba, apitirize mapiritsi awo a shuga.

Manyazi amene Esteri anachita pamaso pa anamwino tsiku limenelo! A Sandifolo analidi chidakwa kale, cha dzina lake ku Torwood konse, koma analumbira pamaliro a mkazi wawo kuti botolo sadzaligwiranso, ndipo zaka zonsezi Esteri ankayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha lumbiro limenelo. Kunyumba iwo anakana kwamtuwagalu. Anati sanalawe ngakhale dontho, masesewo anawathira kumaso ndi anyamata pofuna kuwatsitsimula. Esteri anangoseka chamumtima. Mabodza a munthu wakumwa anakula nawo, ankawadziwa ndi fungo lomwe.

Komabe Esteri anamuimbira foni dokotala uja, kuti mtima ukhale m'malo. Foni inkangoitana. Anamulembera uthenga, sanayankhe. Ndiye usiku umenewu, maso akuwawa, msana ukuwawa, Esteri analemba F10.0, nambala ya munthu woledzera, n'kutumiza lipoti. Ankadziwa bwino tanthauzo lake. Ndi nambala imeneyo kompyuta sidzachenjeza aliyense, ndipo bambo ake adzapitiriza kulandira mapiritsi omwewo mwezi ndi mwezi. Ngati bambo akewo ankanena zoona, ndiye kuti chimene chinawagwetsa chinali chikadali m'nyumba, pamwamba pa kabati. Koma iye anali atatopa n'kuganizira munthu wamkulu wosadziganizira yekha.

Pageti anapeza mlonda, Takudzwa, atadzikulunga bulangeti.

"Makombi apera, sisi, minibasi zonse zatha," anatero Takudzwa. "Bwanji mungogona pabenchi ya ku outpatient? Msewu wa ku Torwood usiku handiwo, si wabwino."

"Ndigone pano kuti mawa ndidzukire pa mafayilo omwewa? Aiwa. Ndiyenda."

"Imbirani mudhara, bambo anu, akuchingamireni."

"Foni yafa. Ndipo mudhara wakeyo akhale komweko."

Ankadziwa kuti bambo ake akumudikira asanadye. Chichokereni kuchipatala anali atanyanyala. Poto sankamugwira, ngakhale tiyi sankadzipangira, koma mapiritsi ankamwa pa nthawi yake ngati msilikali, n'kusiya kapepala kake kopanda kanthu patebulo kuti mwana wawo aone kuti iwo ndi munthu womvera. Esteri anaganiza kuti adikire, nawonso amve kuwawa kwake. Njala ya madzulo amodzi sinaphepo munthu.

Kunkazizira, kuzizira kwa Juni kolowa mpaka m'mafupa. Magetsi anali atathimanso tauni yonse. Esteri anatsika kamtunda, nadutsa nyumba za mabwana akale a kufakitale, zina zopanda mawindo, udzu utamera mpaka pakhonde. Kumanzere kwake machumuni a fakitale anangoti njo mumdima, opanda utsi, opanda phokoso, monga akhalira kuyambira iye ali mtsikana. Anayenda akukangana ndi anthu m'mutu mwake. Anakangana ndi dokotala wosayankha foni. Anakangana ndi abwana ake ofuna lipoti loyera kuchokera m'mafayilo auve. Anakangana ndi bambo ake kuposa onse, ndipo m'mutumo ankawagonjetsa mosavuta.

Atapitirira nyumba yomaliza, pamene msewu umayamba kutsata mpanda wa manda, anaona munthu kutsogolo.

Anali mwamuna wachikulire, wamfupi, atavala ovolosi ya kufakitale, ija yakalekale imene masiku ano umaiona itavekedwa zoopsezera mbalame m'dimba. Ankayenda chodzandira, kuchoka mbali ino ya msewu kupita mbali inayo, dzanja limodzi likupapasa m'mwamba ngati akufuna khoma. Esteri anatsonya. Wina uyu. Tsiku lonse zidakwa papepala, usiku zidakwa pamsewu. Anawolokera tsidya lina kuti amupitirire.

"Mwana wa Sandifolo."

Anaima pang'ono. Ku Torwood aliyense amadziwa mwana wa aliyense, ndiye sizinamudabwitse kwenikweni. Chinamudabwitsa n'chakuti munthuyo sanatembenuke n'komwe kuti amuone.

"Uli ndi kasiwiti m'chikwamamo, mwanangu? Kalikonse kotsekemera."

"Pitani mukagone, sekuru. Ine zidakwa ndatopa nazo."

"Aikona," anatero mkuluyo, lilime likulemera. "Mina aikona phuza. Sindimwa ine. Ndamwa piritsi langa basi. M'mawa, monga anandiuzira a nesi. Sindinaphonyepo."

"Onse amatero," anayankha Esteri, n'kuwonjezera liwiro.

Anayenda ndithu, nsapato zake zikulira pa phula long'ambikang'ambika. Munthu wodzandira chotero akanatsala kutali. Koma mawuwo sanatsale. Anali pomwepo, kumbuyo kwa phewa lake lamanja, osayandikira, osatalikira.

"Kumanda sitidya, mwanangu. Mpaka dzenje lithe. Nthaka yake ndi youma, miyala yokhayokha..."

Esteri anatchera khutu. Nsapato zinkamveka za munthu mmodzi. Zake.

Anaima. Zii. Anacheuka.

Kumbuyo kunalibe munthu. Msewu wokha, ndi mpanda wa manda utagwa pakati, ndi mitanda yoyera ikuoneka mwa apo ndi apo m'udzu.

Anadziuza kuti mkuluyo wagwera m'ngalande, zidakwa zimatero. Anadziuza kuti si ntchito yake. Anafinya chikwama kukhwapa, natembenuka kuti apitirire...

Anali kutsogolo!

Anali ataimirira pakamlatho ka pamtsinje wouma, pamene msewu umapanikizika, poti munthu sungadutse osamukhudza. Anadutsa nthawi yanji? Anadzera kuti? Mwezi unali utasuzumira pang'ono, ndipo Esteri anaona nkhope yake. Inali ikuchucha thukuta. Usiku wozizira ngati umenewo, thukuta linkatsika m'masaya, kugwera pakolala. Milomo inkanjenjemera. M'maondo a ovolosi munali dothi lofiira.

Miyendo ya Esteri inkafuna kubwerera. Koma kubwerera kuti? Kumbuyo kunali manda. Anayenda. Pang'onopang'ono. Anatsamira chitsulo cha mlatho, akuyang'ana pansi.

Dzanja linamugwira pamkono.

Linali lozizira, lonyowa. Zala zake zinali zitatu zokha. Mkuluyo anayandikitsa nkhope, ndipo mpweya wake unamuomba Esteri kumaso. Apa ndi pamene mantha anamugwira zenizeni. Fungo la mowa ankalidziwa. Masese, kachasu, timabotolo tija ta makorokoza okumba golide, zonse akanazizindikira ali mtulo. Munthuyu sankanunkha mowa. Ankanunkha dothi longokumbidwa kumene.

"Akudutsa," ananong'ona mkuluyo. "Onse akudutsa. Akuti musiyeni madala, wakhuta. Wina wandiponda phazi. Wina waseka. Ndikuwamva, mwanangu... pakamwa pokha ndi pamene pakukana."

"Ndisiyeni, sekuru. Chonde."

"Sandifolo wamwa piritsi lamadzulo."

Esteri anakweza maso n'kumuyang'ana.

"Wamwa. Wayala patebulo. Akudikira iwe." Zala zija zinafinya. "Sanadye."

Kenako dzanjalo linamasuka lokha. Mkuluyo anakhala pansi mwapang'onopang'ono, msana utatsamira chitsulo cha mlatho, mutu n'kugwera pachifuwa. Anayamba kuliza mkonono, wolemera, wodukaduka. Esteri anayang'ana kumene kunali Torwood, mdima wokhawokha, kandulo m'modzim'modzi m'mawindo. Anayang'ananso pansi.

Panalibe kanthu. Simenti yokha, youma, ndi fumbi losapondedwa.

Pamkono pake panali ponyowa.

Anathamanga. Nsapato imodzi inavuka, sanaitole. Ali mkati mothamanga, mawu a m'mafayilo anayamba kumubwerera okha, mawu amene anawawerenga kambirimbiri osawaona ndi maso. Thukuta lozizira. Kudzandira. Kulankhula zosamveka. Ndewu. Ankawalemba Y42.3 n'kutseka fayilo, osadziwa kuti pamaso amaoneka bwanji. Ndipo diripi ija! Inalembedwa m'fayilo ya bambo ake momwemo, iye anaiwerenga ndi maso ake: inali ya madzi a shuga. Chidakwa sichidzuka msanga chotero ndi diripi. Anaona zimenezo sabata yonse, koma mkwiyo unamuphimba m'maso.

Agalu anauwa. Anadutsa sitolo yotseka, mpope wouma, tchalitchi. Mpweya unkamubaya m'nthiti. Kiyi inagwa pansi, anaipapasa, inalowa.

"Baba!"

M'nyumba munali mdima. Ndipo munali mkonono. Womwe uja, wolemera, wodukaduka.

Anapeza machesi pawindo, ndipo kachitatu ndi pamene anayaka. A Sandifolo anali pampando wawo, mutu utagwera pachifuwa, malaya atanyowa ngati awathira madzi. Patebulo anali atayala mbale ziwiri ndi makapu awiri, zopanda kanthu. Pambali pake panali kapepala ka mapiritsi, kataikidwa bwinobwino poonekera.

"Baba, dzukani. Baba, ndabwera."

Anawagwedeza. Mutu unangogwedera. Khungu lawo linali lozizira, lonyowa.

Shuga. Anatsegula kabati, nagwetsa mabotolo, mchere, masamba a tiyi, mafuta. Shuga munalibe. Akanapezeka bwanji? Iye mwini ndiye anachotsa shuga yense m'nyumbamo tsiku limene anawapeza ndi matendawa, n'kulengeza kuti m'nyumba ya wodwala shuga simulowa chotsekemera, ngakhale jamu, ngakhale nthochi yakupsa. Ankadzitama nazo kwa anzake kuntchito. Tsopano anaima pakati pa khitchini yake yanzeruyo, manja ali m'mutu, akufuna kudzimenya mbama.

Anatuluka ndi nsapato imodzi, nakagogoda ndi zibakera chitseko cha mai Rosina, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba. Esteri ndi bambo ake anasamukira mumzerewu atawapeza ali kale okha, akugulitsa tomato pakhomo, osalankhula zambiri.

"Ndiani?"

"Ndine Esteri, amai. Baba sakudzuka. Ndipatseniko shuga, chonde, fulumirani."

Mai Rosina sanafunse funso lachiwiri. Anatuluka ndi chitenje chokha pamwamba pa diresi yogonera, kachitini m'manja, nyali m'dzanja linalo, ndipo anathamanga kuposa mtsikana. Atafika anawayang'ana a Sandifolo kamodzi kokha.

"Agoneke cham'mbali. Madzi ayi, angatsamwe. Gwira mutu."

Ananyowetsa chala, nachiviika m'chitini, n'kuyamba kupaka shuga mkati mwa tsaya la a Sandifolo ndi m'nkhama. Anaviikanso, napakanso. Manja awo sankanjenjemera ngakhale pang'ono, ngati ntchitoyi anaiyeserera nthawi yaitali akudikira tsiku lake. Esteri anagwira mutu wa bambo ake, akupemphera mawu osalumikizana, Chichewa ndi Chishona pamodzi. Palibe chinkasintha. Mkonono womwewo. Anayamba kuwerengera m'mutu anthu a galimoto mumzerewu, n'kupeza kuti yemwe anali nayo anapita nayo ku Silobela kukasaka golide.

"Pitirizani, amai. Musasiye."

"Sindikusiya, mwanangu."

Patapita nthawi imene kwa Esteri inali ngati usiku wonse, mkonono unaduka. A Sandifolo anameza. Zikope zinagwedera, maso anatseguka, n'kuyendayenda padenga, panyali, mpaka anapeza nkhope ya mwana wawo.

"Wachedwa," anatero.

Esteri analira. Analira mokweza, mopanda manyazi, akuwagwira malaya onyowawo, ndipo mkwiyo wa sabata yonse unatuluka ndi misoziyo, koma tsopano unali wodzikwiyira yekha. Mai Rosina anasungunula shuga m'kapu, nawamwetsa pang'onopang'ono atakhala tsonga, kenako anapita kwawo n'kubwera ndi buledi ndi chiponde. Anaima pomwepo mpaka a Sandifolo atadya zonse.

"Mawa m'mawa kuchipatala," anatero mai Rosina. "Ndipo piritsi limenelo musamwenso asanakuoneni. Iwe Esteri, Mulungu anakukankha. Ukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

"Si Mulungu yekha, amai," anatero Esteri akupukuta m'maso. "Pali sekuru wina ndakumana naye pakamlatho ka kumanda. Ndiye wandiuza kuti baba amwa piritsi asanadye. Kaya wadziwa bwanji, hameno. Nayenso akudwala zomwezi, ndamusiya atakhala pansi... kapena wachoka, sindinaone bwino. Tikuyenera kutuma anthu akamuone."

"Sekuru wake uti?" anafunsa a Sandifolo, mawu akadali ofooka.

"Sindikumudziwa, koma inu akukudziwani. Wamfupi. Wavala ovolosi ya kufakitale. Amalankhula Chilapalapa cha m'migodi, aikona aikona. Dzanja lake lamanja lili ndi zala zitatu."

Supuni imene mai Rosina anagwira inagwera pasimenti. Sanaitole. Anakhala pansi pomwe anaimapo, nakokera chitenje kumapazi, akuyang'ana nyali.

A Sandifolo anayang'ana mayiyo, kenako mwana wawo.

"Zala ziwirizo zinatsala m'makina, ine ndili pambali pake," anatero. "Ameneyo ndi Manson. Mwamuna wa mai Rosina awa."

"Ndiye tiyeni tikawatenge. Akadali..."

"Khala pansi, Esteri. Manson tinamuika kalekale, fakitale ikufukabe utsi, iwe uli kupulaimale kwa azakhali ako ku Shurugwi."

Kunja galu anauwa kamodzi n'kusiya. Esteri anayang'ana mkono wake, pamene zala zija zinagwira, ndipo anauphimba ndi dzanja linalo.

Mai Rosina analankhula osakweza mutu.

"Anachoka kusanache kukakumba manda. Piritsi ndinamupatsa ndine, ndi madzi. Ndinati idyani kaye kaphala, anati aikona, anzanga andiseka. Pobwerera anakhala pansi pakamlathopo. Masana, mwanangu, dzuwa likuswa mtengo, anthu ochokera kumaliro akudutsa. Munthu amene sanalawepo mowa chibadwire, mkulu wa kwaya. Anamutola madzulo atazizira kale." Anapuma. "Kuchipatala analemba kuti mowa. Mpingo utamva zimenezo unakana kumuimbira. Anapita kumanda chete ngati wakuba. Ine ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha, kuwauza kuti munthuyu sankamwa. Kamtsikana kena ka pakompyuta kanandiuza mwaulemu kuti amai, ife timalemba zimene dokotala walemba, zikapita zapita."

Esteri sanathe kuwayang'ana.

A Sandifolo anasuntha pampando, nakoka bulangeti limene mwana wawo anawafunditsa. Nkhope yawo inali itayamba kubwerera mwakale. Anamuyang'ana Esteri mofatsa, mopanda mkwiyo, ngati munthu amene akungofuna kumva kuti zinthu zili bwino.

"Koma masiku ano pakompyutapo pali mwana wanga," anawauza mai Rosina. Kenako anatembenukira kwa iye. "Nanga zanga zija za Loweruka, mwanangu, unalemba kuti chiyani?"